Mamita otumiza okha manambala ndi nkhani ya madzi obwerera m'mapaipi otenthetsera nyumba

Nabanda, London

Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi funso limene ndikukhulupirira kuti ena mwa inu amene mumagwira ntchito zaumisiri mungandiunikire. Nyumba yosanja imene ndimachita lendi kuno ku London ilibe boyila ya gasi m'fulati iliyonse monga zimakhalira m'nyumba zambiri za ku Britain. Madzi otentha amachokera ku chipinda chimodzi cha makina chimene chimatumikira nyumba zingapo zoyandikana, ndipo kwathu amafikira m'kabokosi koyera kamene kali m'kabati ya pafupi ndi khomo. Oyendetsa ntchitoyi atilembera kalata yonena kuti achotsa mamita akale n'kuika amakono amene azitumiza okha manambala ola lililonse, ndipo akuti zimenezi zithandiza kuti mapaipi azigwira bwino ntchito komanso kuti mtengo usamangokwera. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti mita ndi chipangizo chowerengera basi: siitenthetsa madzi ndiponso siitseka pamene pakudontha. Nanga kuwerenga pafupipafupi kungapulumutse bwanji ndalama? Kodi pali phindu lenileni kwa ife okhalamo, kapena ndi njira chabe yoti mabilu azituluka mwachangu?

Phiri, Aalborg

Mayi Nabanda, funso lanu ndi loyenera, ndipo mwanena zoona kuti mita payokha siikonza chilichonse. Ine ndimagwira ntchito yoyang'anira mapaipi oterewa kuno ku Denmark, kumene nyumba pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse zimatenthetsedwa ndi madzi ochokera pamalo amodzi, choncho ndiyamba ndi zimene mitayo imayeza.

Mita ya kutentha siifanana ndi ya magetsi kapena ya madzi akumwa, chifukwa imayeza zinthu zitatu nthawi imodzi: kuchuluka kwa madzi amene adutsa, kutentha kwake polowa m'nyumba, ndi kutentha kwake potuluka kubwerera ku siteshoni yotenthetsera madziwo. Amakono ambiri alibe n'kagudumu kozungulira komwe. Amatumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu, kena motsata madzi, kena molunjika kumene madziwo akuchokera, ndipo kusiyana kwa nthawi imene timaphokosoto tatenga n'kumene kumasonyeza liwiro la madzi. Kakompyuta ka m'mitamo kamachulukitsa madzi odutsawo ndi kusiyana kwa madigiri awiri aja, n'kupeza mphamvu imene nyumba yatenga. Malita 1,000 a madzi akazizira ndi digiri imodzi amakhala atasiya mphamvu ya pafupifupi 1.16 kWh (kWh ndi muyeso womwe uja wa mayuniti a magetsi).

Tsopano taonani masamu awa. Tiyerekeze kuti nyumba ziwiri zagwiritsa ntchito 1,000 kWh iliyonse m'mwezi wozizira. Yoyamba imalandira madzi pa madigiri 70 n'kuwabweza pa 30, ndiye kuti mwadutsa malita pafupifupi 21,500. Yachiwiri imalandira pa 70 pomwepo koma imabweza pa 50, ndiye kuti mwadutsa malita pafupifupi 43,000. Kale, pamene mita inkawerengedwa kamodzi pa chaka, maso onse ankakhala pa mphamvu yolipiritsa, ndipo nyumba ziwirizi zinkaoneka zofanana, chonsecho yachiwiriyo yakakamiza mapampu kukankha madzi owirikiza kawiri. Ili ngati lole imene yayenda ulendo wautali ndi katundu n'kubwerera itangotsitsa theka. Phindu lalikulu la mita yotumiza manambala ola lililonse lagona pamenepa: imationetsa nyumba zimene zikubweza madzi asanazizire, ndiponso nthawi imene zikuchitira zimenezo, kaya ndi usiku, kaya ndi m'miyezi yotentha, kaya ndi pamene anthu akusamba.

Tembo, Manchester

Ndithirire ndemanga monga munthu amene ntchito yake ndi kutsegula timabokosi timene mayi Nabanda akunenati. M'kati mwake muli zitsulo zopyapyala zosanjikizana, zimene madzi ochokera ku siteshoni amadutsa mbali ina ndipo a m'fulati amadutsa mbali inayo popanda kusakanikirana, komanso muli mavalavu, kasefa, ndi mitayo. Ndikafika pa fulati, chinthu choyamba n'kugwira paipi yobwerera ndi dzanja. Pa bokosi labwinobwino imakhala yofunda chabe, koma pa bokosi lodwala simungaigwire nthawi yaitali, ngakhale mwini wake atazimitsa maradiator onse (zitsulo zodutsamo madzi otentha zofunditsira zipinda) ndipo palibe mpopi wotsegula. Zifukwa zake sizichuluka. Nthawi zina valavu yamata chifukwa cha matope akuda a dzimbiri amene amayenda m'mapaipi, ndiye yangokhala chitsegukire. Nthawi zina omanga anatsegula kanjira kolambalala bokosilo pamene ankatsuka mapaipi asanapereke nyumba, n'kuiwala kukatseka, ndipo madzi akhala akuzungulira pamenepo kwa zaka popanda kutenthetsa kanthu. Pena ndi kachipangizo koyezera kutentha kamene kasololoka m'malo mwake.

Chovuta n'chakuti wokhala m'fulati yotereyi saona vuto lililonse, popeza madzi ake akutentha bwino lomwe, ndiye saitana munthu. Amene amaimba foni ndi wa fulati ya pamwamba penipeni kapena ya kumapeto kwa paipi, amene madzi sakumufikira mokwanira chifukwa athera kulambalala kwa anzake. Popanda manambala ine ndimapita kwa wodandaulayo, pamene matenda ali pa khomo lina. Ndikapatsidwa mndandanda wochokera m'mamita ndimagogoda khomo loyenera.

Nabanda, London

Zikomo kwambiri bambo Phiri ndi bambo Tembo. Komabe pali pamene sindinagwire. Ngati madzi abwerera ali otentha, ndiye kuti kutenthako sikunatayike, kwangobwerera ku siteshoni, ndipo kumeneko angowonjezera pang'ono n'kuwatumizanso. Nanga chimene chawonongeka n'chiyani?

Phiri, Aalborg

Anthu ambiri amaganiza choncho, mayi, ndipo mbali ina ndi zoona. Koma paipi ya pansi pa nthaka, ngakhale ikutidwe bwino chotani, imataya kutentha molingana ndi mmene madzi ake aposera kutentha kwa dothi lozungulira, kotero paipi yobwerera yonyamula madzi a madigiri 50 imataya zambiri kuposa ya 30, usana ndi usiku, chaka chonse. M'madera ambiri zotayika m'njira zimakhala pakati pa 10 ndi 20 peresenti ya kutentha konse kopangidwa, ndipo olipira zimenezo ndi ogula omwewo. Palinso magetsi a mapampu, chifukwa mukawirikiza madzi odutsa m'paipi imodzimodziyo, magetsi ofunika kuwakankha amakwera pafupifupi kasanu ndi katatu, ndipo paipi imene ikanakwanira kulumikizako nyumba zina zatsopano imadzaza msanga.

Chachikulu kuposa zonsezi chili ku siteshoni. Boyila yamakono ya gasi imakolola kutentha kowonjezera kuchokera mu nthunzi ya mu utsi wake, koma nthunziyo imasanduka madzi pokhapokha madzi obwerera akhale pansi pa madigiri pafupifupi 55, ndipo akamazizirirapo m'pamene zokololazo zimachuluka. Masiteshoni otentha zinyalala kapena tizidutswa ta mitengo nawonso amachita chimodzimodzi. Madzi obwerera akatentha, mphamvu imeneyo imathawira mu chumuni. Kuwonjezera apo, zinthu zimene mayiko akudalira kuti asiye malasha ndi gasi zimayenda bwino ndi madzi ozizirirapo. Ku Esbjerg, kuno ku Denmark, kuli makina aakulu a heat pump, okoka kutentha kofooka n'kukukweza ndi magetsi, amene amatenga kutentha m'madzi a m'nyanja. Ku Odense kutentha kochokera m'nyumba ya makompyuta ya kampani ya Meta kumalowa m'mapaipi a mzinda. Ndipo kwanu ku London komweko, ku Islington, amatenga mpweya wofunda wa m'njanji za pansi pa nthaka. Konseku ndi kutentha kofooka kumene kumafunika kukwezedwa ndi magetsi, ndipo digiri iliyonse imene mwawonjezera imadya magetsi ena.

Mbiri ya ntchitoyi yakhala ya kutsitsa madigiri. Birdsill Holly atayamba ku Lockport, m'chigawo cha New York, mu 1877, ankatumiza nthunzi. Kenako kunabwera madzi opitirira madigiri 100 opanikizidwa m'mapaipi, ndipo kuyambira cha m'ma 1970 kunafala mapaipi okutidwa kale ku fakitale onyamula madzi osafika 100. Mu 2014 Henrik Lund wa pa yunivesite ya kuno ku Aalborg ndi anzake analongosola m'badwo wachinayi wa mapaipi otere, umene madzi opita amakhala cha m'ma 50 ndipo obwerera cha m'ma 20. Koma simungatsitse kutentha kwa madzi opita mwachimbulimbuli. Muyenera kudziwa nyumba zimene zidzayambe kuzizidwa, n'kuzikonza kaye, ndipo chimene chimakuuzani nyumba zimenezo ndi mamita.

Nachisale, Göteborg

Ine ndikuphunzira kusanthula deta ya mtundu umenewu kuno ku Sweden, ndipo ndikufuna kutsimikizira mawu a bambo Tembo ndi kafukufuku wina wodziwika. Henrik Gadd ndi Sven Werner anasanthula manambala a ola ndi ola a nyumba zoposa 100 zolumikizidwa ku mapaipi otere kumwera kwa Sweden, ndipo mu 2015 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse zinali ndi vuto lina lake. Limeneli ndi dziko limene lakhala pa ntchitoyi kwa nthawi yaitali ndithu, ndiye tisaganize kuti zolakwika zimapezeka mwa apo ndi apo.

Njira zothandiza kwambiri sizovuta monga anthu amaganizira. Imodzi ndi kufunsa funso ili pa nyumba iliyonse: ikanakhala kuti imaziziritsa madzi bwino, ikanafuna malita angati, ndipo yadutsitsa angati? Mukasanja nyumba zonse molingana ndi madzi owonjezerawo, mumapeza kawirikawiri kuti zochepa chabe za pamwamba pa mndandanda ndizo zikukweza kutentha kwa paipi yonse yobwerera. Njirayi ndi yabwino kuposa kungoyang'ana madigiri, chifukwa kanyumba kakang'ono kobweza madzi pa 55 sikasokoneza zambiri poyerekeza ndi sukulu yaikulu yobweza pa 45. Njira ina ndi kujambula mphamvu imene nyumba yagwiritsa ntchito moyang'anizana ndi kuzizira kwa panja. Pa nyumba yoyenda bwino madontho amandanda pa mzere umodzi wotsetsereka, koma akamwazikana, kapena mzerewo ukasuntha mwadzidzidzi mwezi wina, ndiye kuti china chake chasintha m'nyumbamo.

Ndichenjezeko pa chinthu chimodzi chimene ogulitsa mapulogalamu satchula kawirikawiri. Manambala a m'mamita amabwera ali ndi zinyalala zambiri. Maola ena amasowa chifukwa uthenga wa wailesi sunadutse m'chipinda cha pansi cha konkire, mita ikasinthidwa kuwerenga kumayambiranso pa ziro, ndipo mamita ambiri amatumiza mphamvu mu ma kWh athunthu, kotero m'miyezi yotentha nyumba yaing'ono imaoneka ngati ikugwiritsa ntchito 0, 0, 1, 0, pamene kwenikweni ikutenga pang'onopang'ono ola lililonse. Komanso madigiri amene mita yayeza pa mphindi imene madzi aima m'paipi sanena chilichonse chodalirika, n'chifukwa chake timagwiritsa ntchito avareji yoganizira kuchuluka kwa madzi amene adutsa. Nthawi yanga yambiri imathera pa kuyeretsa manambala, osati pa masamu apamwamba.

Mbewe, Lilongwe

Ndakhala ndikutsatira mwachidwi ngakhale kuno kwathu sititenthetsa nyumba ndi mapaipi, ndipo kuzizira kwa June ndi July timathana nako ndi juzi ndi bulangete. Ine ndili mu ntchito ya madzi akumwa, ndipo zimene mukukambazi zikufanana ndi njira yathu yogawa mzinda m'zigawo, kuika mita yaikulu polowera chigawo chilichonse, n'kuyerekeza ndi zimene mamita a m'makomo awerenga, makamaka pakati pa usiku pamene anthu agona. Funso langa kwa bambo Phiri ndi ili: kodi mamita anuwo amakuthandizani kupeza pamene paipi yabooka pansi pa nthaka, kapena ntchito yawo imathera pa madigiri?

Phiri, Aalborg

Bambo Mbewe, kusiyana kwathu n'kwakuti madzi athu amazungulira, sathera kwa wogula, kotero chizindikiro choyamba cha kudontha ndi madzi amene tikuwonjezera ku siteshoni tsiku ndi tsiku. Madziwo ndi odula chifukwa amachotsedwa mchere ndi mpweya kuti asadye zitsulo, ndipo makampani ena amathiramo utoto wobiriwira kuti akatulukira mu ngalande kapena mu mpopi wa munthu adziwike. Koma zimenezo zimangotiuza kuti kwinakwake kukudontha, osati malo ake. Mapaipi okutidwa ku fakitale amakhala ndi mawaya a kopa m'kati mwa chokutiracho amene amasonyeza chinyezi chikalowa, ndipo ena amaulutsa makamera oona kutentha usiku wa nyengo yozizira.

Mamita amathandiza mwa njira ina imene ndimaikonda kwambiri. Mita iliyonse ndi choyezera kutentha chimene chili kumapeto kwa kapaipi kolowa m'nyumba, ndiye m'tauni ya nyumba zikwi zingapo muli zoyezera zikwi zingapo zimene zaikidwa kale. Tikadziwa utali ndi kukula kwa mapaipi, tikhoza kuwerengera madigiri amene madzi ayenera kufika nawo pa khomo lililonse. Ngati nyumba za mu msewu umodzi zikulandira pa 68 koma imodzi ikulandira pa 61 ngakhale madzi akuyenda mokwanira, ndiye kuti chokutira cha kapaipi kake chanyowa kapena chawonongeka. Kale tinkasintha mapaipi potengera zaka zake, koma tsopano tikhoza kuyamba ndi amene akutayadi kutentha, ndipo paipi yakale imene ili bwino timaisiya. Pa ntchito imene kukumba msewu ndiko kumadya ndalama zambiri, kusankha bwino pokumba si nkhani yaing'ono.

Gondwe, Leeds

Zaumisirizi ndazimva ndipo sindikuzitsutsa, koma ndikuona kuti mbali ya munthu wokhala m'nyumbamo ikutsalira. Mita imene ikunena ola lililonse kuti m'fulati mwatuluka madzi otentha ikunenanso nthawi imene banja limadzuka, masiku amene lachokapo, ngakhalenso ngati mukukhala anthu ambiri kuposa amene analembedwa pa mgwirizano wa lendi. Kwa abale athu ochita lendi m'mayiko muno, mfundo yomalizayi si yopepuka. Bungwe la European Union linalamula kuti mamita a kutentha oikidwa pambuyo pa 25 October 2020 akhale owerengeka patali ndipo akale onse asinthidwe pofika 1 January 2027, koma cholinga chimene chinatchulidwa kwambiri chinali chakuti wogula azidziwitsidwa pafupipafupi za mphamvu imene akugwiritsa ntchito. Kugwiritsa ntchito manambala omwewo pa zolinga zina kuyenera kutsata malamulo a GDPR oteteza zinsinsi za anthu, amene Britain inasunga m'malamulo ake itachoka m'bungwelo: kutenga zokhazo zofunika, kunena cholinga poyera, ndi kusasunga mpaka kalekale. Ndamvanso kuti ku Denmark amalipiritsa chindapusa nyumba zobweza madzi otentha. Bambo Phiri, kodi zimenezi n'zoona, nanga n'zachilungamo?

Phiri, Aalborg

N'zoona, bambo Gondwe. Makampani ambiri kuno amaika malire a kutentha kwa madzi obwerera pa avareji ya chaka, ndipo amene wapitirira amawonjezeredwa pa bilu pomwe amene waziziritsa bwino, m'madera ambiri, amachotseredwa. Ine ndimaona kuti n'zoyenera kuno, pa zifukwa za kuno. Dzikoli litakhaulitsidwa ndi kukwera mtengo kwa mafuta mu 1973, linakhazikitsa lamulo la 1979 loyendetsera ntchitoyi, ndipo mfundo yake ndi yakuti mtengo ungokwanira zolowa pa ntchito, osati kupangirapo phindu. Makampani ambiri ndi a makhonsolo kapena a ogula eni ake. Choncho ndalama imene nyumba imodzi ikuwononga imagawidwa kwa oyandikana nawo, ndipo chindapusacho chimangobweza mtolo kwa mwini wake. Komanso kampani yoganiza bwino siyamba ndi chindapusa. Imayamba ndi kalata kapena foni, kenako kutumiza mmisiri, chifukwa kawirikawiri vutolo limatha ndi zinthu zazing'ono, monga kutsegula pang'ono maradiator onse a m'chipinda m'malo motsegula imodzi mpaka kumapeto, kapena kusintha valavu ya thanki ya madzi osamba.

Pa nkhani ya chinsinsi ndikugwirizana nanu kwathunthu. Pa ntchito yambiri yoyendetsa mapaipi sitifunikira dzina la munthu, ndipo manambala a msewu wonse ataphatikizidwa amakwanira. Dzina ndi adiresi ziyenera kuonekera kwa amene akukakonza yekha, ndipo mwini nyumba wochititsa lendi alibe chifukwa choonera maola a banja lililonse.

Tembo, Manchester

Bambo Phiri, apa ndisiyana nanu pang'ono, osati pa za Denmark koma pa kutengera njira imeneyo kuno. Mayi Nabanda ndi wa lendi. Bokosi la m'kabati si lawo, maradiator sanasankhe ndi iwo, ndipo mgwirizano wawo suwalola n'kumasula chivundikiro komwe. Kuwalipiritsa chindapusa chifukwa valavu ya mwini nyumba yamata kungakhale kulanga munthu wosalakwa. Komanso m'nyumba zosanja za kuno kutentha kwambiri sikutayikira pansi pa msewu koma m'kati mwa nyumba momwemo, m'mapaipi aatali a m'makonde amene sanakutidwe bwino. Amene anayendapo m'khonde la nyumba yotere mwezi wa July akudziwa mmene mumatenthera ngakhale mawindo ali otsegula. Mita ya m'fulati siiona zimenezo payokha. Pamafunika mita yaikulu polowera nyumba, kuti muchotse zimene mafulati onse awerenga n'kuona zimene zathera m'makonde, zofanana ndi zimene bambo Mbewe amachita ndi madzi akumwa.

Tikumbukirenso kuti kuno ogula kutentha kotere anakhala zaka zambiri opanda chitetezo chimene ogula gasi ndi magetsi ali nacho. Malire a mtengo amene Ofgem, bungwe loyang'anira za gasi ndi magetsi, imaika sawakhudza, chifukwa oyendetsa mapaipi amagula gasi pa mitengo ya mabizinesi, ndipo mu 2022 ambiri anaona mabilu akukwera modetsa nkhawa popanda kothawira, popeza simungasinthe kampani. Lamulo la Energy Act la 2023 ndilo linapatsa Ofgem udindo woyang'anira gawo limeneli. Ndiye maganizo anga ndi akuti manambala a m'mamita kuno ayambe akhala chida choyezera oyendetsa ntchito ndi eni nyumba, asanakhale chida choyezera alendi.

Phiri, Aalborg

Mfundo imeneyo ndaivomera, bambo Tembo. Chindapusa chimagwira ntchito pokhapokha chigwere munthu amene ali ndi mphamvu yokonza. N'chifukwa chake makampani ena kuno anayamba kukhala eni a mabokosiwo, wogula n'kumalipira kandalama pamwezi, kuti vuto likaoneka pa kompyuta kampaniyo ikakonze yokha popanda kukambirana za amene alipire.

Nabanda, London

Tsopano chithunzi chikuoneka. Ndatsala ndi nkhawa imodzi, imene ikuchokera ku ntchito yanga yosamalira okalamba. Mukatsitsa madigiri a madzi monga mukunenera, kodi simuika anthu pa chiopsezo cha tizilombo toyambitsa chibayo totchedwa Legionella m'madzi osamba? Ndiponso agogo amene akukhala okha m'fulati ya kumapeto, amene sadziwa n'kodandaula komwe, sadzazizidwa chifukwa kompyuta yanena kuti madigiri atsike?

Tembo, Manchester

Nkhawa yanu ndi yomveka, mayi. Legionella amaswana m'madzi ofunda amene aima, makamaka pakati pa madigiri 20 ndi 45, n'chifukwa chake malangizo a kuno amati thanki yosungira madzi otentha izikhala pa 60. Koma mabokosi ambiri amakono sasunga madzi. Amatenthetsa madzi ozizira pa nthawi imene mwatsegula mpopi, ndipo otsala m'mapaipi a fulati amakhala ochepa kwambiri, kotero chiopsezo chimachepa ngakhale madzi atuluke pa madigiri 50. Pamene pali mathanki kapena madzi osamba ozungulira nyumba yonse, monga m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba, malire aja sasunthidwa, ndipo nyumba zotero zimafunika kuzidziwa ndi kuzikonzera njira yapadera madigiri a dera lonse asanatsitsidwe.

Nachisale, Göteborg

Pa za agogo aja, achemwali, ndinganene kuti mamita akagwiritsidwa ntchito moyenera amawateteza. Kale woyendetsa siteshoni ankadziwa kuti watsitsa kwambiri pokhapokha mafoni odandaula ayambe kulira, ndiye poopa zimenezo ankasunga madigiri pamwamba kuposa pofunikira, ndipo wosadandaula sankadziwika n'komwe. Tsopano mukhoza kutsitsa digiri imodzi kapena ziwiri, n'kuyang'ana nyumba zimene valavu yake yatseguka mpaka kumapeto ndipo madzi akuthamanga pa mlingo wake wonse kwa maola ambiri, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti nyumbayo ikuvutika kupeza kutentha kokwanira. Mumaiona mwini wake asanaimbe foni, kapena ngakhale asaimbe n'komwe.

Manambala omwewa amathandizanso pa nthawi ya m'mawa, pamene anthu ambiri akusamba ndipo maofesi ndi masukulu akuyatsa zotenthetsera zimene zinatsitsidwa usiku. Pa maola ochepa amenewo siteshoni imakakamizika kuyatsa maboyila apadera a gasi kapena mafuta, amene ndi odula ndiponso otulutsa utsi wambiri. Mukaphatikiza mbiri ya m'mamita ndi ulosi wa zanyengo mukhoza kudziwiratu kukula kwa chiphinjocho, n'kudzaziratu thanki yaikulu ya ku siteshoni usiku, kapena kutenthetseratu pang'ono nyumba zikuluzikulu za konkire, zimene makoma ake amasunga kutentha kwa maola angapo popanda okhalamo kumva kusintha. Komabe ndinene mosabisa kuti ndaonapo zithunzi zokongola za pa kompyuta zosonyeza mavuto omwewo mwezi ndi mwezi, chifukwa panalibe bajeti yotumizira mmisiri. Kampani imene ikugula mamita popanda kukonza za amene azikagogoda pa makomo yagula theka la ntchito.

Nabanda, London

Ndathokoza nonse. Okhala m'nyumba yathu tili ndi msonkhano ndi oyendetsa ntchitoyi mamita asanaikidwe, ndipo ndikufuna kukafunsa kuti manambala athu aziona ndani, azisungidwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati mwini nyumba aziwapeza. Ndikafunsanso ngati ife eni ake tizitha kuona madigiri a madzi olowa ndi obwerera a fulati yathu, osati ndalama zokha. Bambo Tembo, pa mbali ya zaumisiri, n'chiyani china chimene ndisaiwale?

Tembo, Manchester

Mukafunse ngati polowera nyumba yanu pali mita yaikulu, ndipo ngati ilipo, akuuzeni gawo la kutentha limene likuthera m'makonde chaka chino, kuti chaka chamawa mudzakhale ndi poyerekezera. Mukafunsenso madigiri a madzi obwerera ku chipinda cha makina panopa ndi amene akufuna kufikapo, komanso kuti mita ikasonyeza bokosi lodwala adzatumiza mmisiri pasanathe masiku angati ndipo adzalipira ndani. Mayankhowo muwapemphe kuti akhale olembedwa. Pa tsiku loika mita, mupemphe mmisiriyo atsuke kasefa ka m'bokosi ndi kuona ngati kanjira kolambalala kali kotseka, popeza adzakhala atatseka kale madzi ndipo sizimutengera nthawi yaitali. Akamaliza, akusonyezeni batani losinthira zolembedwa pa galasi la mitayo, kuti muzitha kuwerenga nokha madigiri awiri aja pamene maradiator ayaka.